Cifukwa Cake Amanzere Amabvuta pa Nkhonya

Lero fodya ndi cimanga tayamba taziika pambali. Tikamba za nkhonya, makamaka za munthu uja amene amafulumira kugwira cinthu ndi dzanja lamanzere.

Mwa anthu 10 ali onse, mmodzi yekha ndiye amakhala wamanzere. Koma m'bwalo la nkhonya ciwerengero cimeneci cimasintha. M'caka ca 2019 anthu awiri ophunzira a ku Manchester, ku England, a Thomas Richardson ndi a Tucker Gilman, anafufuza mbiri ya akatswiri oposa 13,800, ena a nkhonya, ena a masewera ena omenyana. Anapeza kuti mwa amuna 100 a nkhonya, 17 amamenya camanzere. Anapezanso kuti amanzerewo amapambana kuposa anzao. Kuposako nkwapang'ono ndithu; musayese kuti wamanzere ali yense ndi ngwazi ai.

Kodi dzanja lamanzere liri ndi mphamvu zoposa? Iai. Mphamvu ya cibakera siicokera m'dzanja mokha. Imayambira kuphazi lakumbuyo, nikwera m'mwendo ndi m'ciuno, ndipo dzanja limangofikitsa. Inu amene mumatema mtengo ndi nkhwangwa mukudziwa kuti wotema ndi mikono yokha sacedwa kutopa. Nanga ndi mankhwala? Ndiponso iai. Cinsinsi cake ndi cizolowezi.

Tamverani bwino apa. Munthu wamanja poima amatsogoza phazi ndi dzanja lamanzere, nasunga lamanja kumbuyo, cifukwa ndilo lobweretsa cibakera cacikuru. Wamanzere amaima motembenuza: phazi lamanja patsogolo, dzanja lamanzere kumbuyo. Tsono wamanja, kuyambira tsiku loyamba kubvala magolovesi, amayeserera ndi amanja anzake. Maso ake azolowera kumene cibakera cimacokera, miyendo yake yazolowera kumene imathawira. Cibakera cimafika msanga, munthu alibe nthawi yoti aganize. Thupi lokha ndilo limalewa monga linaphunzirira. Tsiku lokomana ndi wamanzere, zonse zija zimabwera cakumbali kwina, mapazi apatsogolo namapondana. Ali ngati ng'ombe imene yakoka pulawo zaka zitatu kumbali imodzi ya goli, inu nkuisinthira mbali ina: mphamvu ilipo, koma mzere ukhota. Wamanzere alibe bvuto limeneli, pakuti moyo wake wonse wakhala akukomana ndi amanja.

Umboni wina uli m'masewera ena. Kumene anthu amapenyana maso ndi maso, monga pa tenisi, amanzere amacuruka. Kumene munthu amalimbana ndi madzi okha, monga posambira, sacuruka motero. Ndipo amanja ena ocenjera anaba nzeruyi. Marvin Hagler wa ku America, amene anali ngwazi ya dziko lonse kuyambira 1980 mpaka 1987, anali wamanja, koma kawirikawiri ankaima camanzere.

Komabe kale aphunzitsi ambiri a nkhonya ankatembenuza anyamata amanzere kuti aziima monga amanja, ndipo akatswiri ochuka sankafuna kumenyana nao. Pa gulu la anthu olemera thupi kopambana, woima camanzere woyamba kutenga ungwazi wa dziko lonse anali Michael Moorer, pamene anagonjetsa Evander Holyfield m'caka ca 1994. Pambuyo pake kunabwera Manny Pacquiao wa ku Philippines, woima camanzere, amene anatenga ungwazi m'magulu 8 a kulemera kwa thupi.

Ndidziwa kuti ena mwa inu mumamenya kadzanja ka mwana akatambasula lamanzere. Za kudya nsima ndi kulandira cinthu kwa akuru, umenewo ndi mwambo, ndipo sindilowererapo. Koma pa khasu, pa nkhwangwa ndi pa pensulo, ine ndikuti msiyeni. Sakudwala ndipo sakucita mwano.

Inu mafumu amene muli ndi anyamata okonda nkhonya m'mudzi, auzeni kuti mnzao wamanzere asamthawe poyeserera. Aziyamba pang'ono-pang'ono, atabvala magolovesi, pali munthu wamkuru woyang'anira, ndipo wamanjayo aziyesetsa kuti phazi lake lapatsogolo likhale kunja kwa phazi la mnzakeyo. Wina akagundidwa kumutu nacita cizungulire, aleke pomwepo, mupite naye kucipatala.