Anzanu a pa Ulimbitso Ali Kuti?



 

Kuyambira 2021 Papa Francis anasamutsira tsiku la achinyamata la m'madayosizi pa chaka cha Khristu Mfumu, n'chifukwa chake tasonkhana muno pamene maso a alimi ali kumwamba kudikira mvula yobzalira. Mwandipempha kuti ndinene chimene utumiki wa achinyamata ulili mu Mpingo. Ndiyambe ndi kukufunsani inu achinyamata. Tsiku lija Ambuye Episkopi anakudzozani mafuta pamphumi, pa Ulimbitso, munalipo angati? Nanga lero mwatsala angati?

Musayankhe mokweza. Kumene ali anzanuwo mukukudziwa. Wina ali pa kabaza, ndipo Lamulungu ndiye tsiku la makasitomala. Wina anatenga mimba ali Fomu 2. Kutchalitchi palibe anamuthamangitsa, koma maso athu anamuuza zonse. Wina anakwera basi ya ku Joni. Wina satifiketi ya MSCE ili m'chikwama, ntchito palibe, tsiku limathera pa kubetcha mpira pafoni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalipo oposa 17.5 miliyoni, ndipo theka lathu anali osakwana zaka 18. Mukapite ku mphakati sabata ino, mukawerenge ngati theka la okhala pamphasa ndi ana ndi achinyamata.

Utumiki wa achinyamata ulipo kuti wachinyamata adziwe Yesu ndi kukhala naye kumene moyo wake uli, kusukulu, pamsika, kumunda, ngakhale kumene wagwera. Ndiye sungakhale pakhomo la tchalitchi n'kumadikira. Zikondwerero za makwaya ndimazikonda, mayunifolomu akukhalani, koma amene amabwera ku zimenezi ndi amene ali kale m'kati.

Don Bosco, amene dzina lake lili pa sukulu ya ntchito zamanja ku Area 23 ku Lilongwe, anayamba ntchito yake mu 1841 mumzinda wa Turin ku Italy. Anyamata ake ankawapeza m'misewu ndi m'ndende. Ankawaphunzitsa katekisimu, inde, komanso ankapita kwa mabwana awo n'kulemba nawo mapangano akuti mwanayo aphunzitsidwe luso lenileni, asamenyedwe, apume pa masiku a mapemphero. Wansembe kusayinira pangano la mwana wophunzira ukalipentala! Iye anaona kuti mzimu wa mnyamata suwupeza ukanyalanyaza mimba ndi manja ake.

Inu a magulu a achinyamata a YCS ndi YCW, njira yanu inachokera kwa wansembe wa ku Belgium, Joseph Cardijn, amene bungwe lake la achinyamata apantchito linakhazikika mu 1925. Anati muone, muunike ndi Uthenga Wabwino, kenaka muchitepo kanthu. Ziwiri zoyambazo timazitha bwino. Timaona, timaunika mpaka dzuwa kupendeka, mlembi n'kudzaza kope. Chachitatucho ndiye chimadikira msonkhano wa mwezi wamawa.

Tsono akulu anzanga, apa nditembenukire kwa ife. Timakonda kunena kuti awa ndi atsogoleri a mawa, ndipo ponena choncho timakhala tikusunga mipando yathu ya lero. Achinyamata timawakumbukira pakafunika kunyamula mabenchi, kutchetcha udzu ndi kuzika mahema. Pokambirana za ndalama za parishi, iwo ali panja. Kumbukirani kuti Charles Lwanga anali mnyamata wa zaka za m'ma 20 pamene anatsala akuyang'anira anzake kunyumba ya mfumu Mwanga ku Buganda. Mfumuyo itayamba kuzunza akhristu, Lwanga sanadikire wansembe. Usiku anabatiza yekha anyamata amene ankawaphunzitsa, mmodzi mwa iwo Kizito, mwana wa zaka ngati 14. Pa 3 Juni 1886 Lwanga, Kizito ndi anzawo anatenthedwa ku Namugongo. Mayina awo tawapatsa ana athu ndi matchalitchi athu. Koma Lwanga akanakhala wa parishi ino, kodi tikanamupatsa ngakhale kiyi wa holo?

Bambo Mfumu, pempho langa ndi lakuti achinyamata akhale ndi mawu enieni m'bungwe la parishi ndi m'miphakati, ndipo pa bajeti pakhale gawo lawo limene aziyendetsa okha n'kumapereka malipoti. Adzalakwitsa pena. Ifenso mabuku athu a ndalama si onse angapirire kuwunikidwa. Ndipo makolo amene muli ndi luso, atelala, amakaniko, alimi a tomato, tengani mwana mmodzi mumuphunzitse, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Inu achinyamata, ntchito yaikulu ndi yanu, chifukwa mnzanu wa pa kabaza ine sangandimvere, koma inu mumadya naye chipisi pa chiwaya chimodzi. Pemphani akatekisi akutsegulireni buku la Ulimbitso. Mphakati uliwonse ulembe mayina a amene sakuonekanso, mugawane, mupite awiriawiri Khirisimasi isanafike. Musakayambe ndi kumufunsa chifukwa chimene anasiyira kupemphera. Yankho lake alinalo kale ndipo ndi lowawa. Mukamufunse za mwana wake, za geni yake, za mayeso amene akufuna kubwereza. Mtsikana amene akufuna kubwerera kusukulu, mukamuperekeze kwa ahedi. Amene akuopa kukaonana ndi Bambo Mfumu, mukalowe naye mpaka pakhomo la ofesi. Mayinawo mudzawabweretse pa msonkhano wanu woyamba wa Januwale, mudzauzane mmene mwayendera.

Ndi mawu amenewa, ndikutsegulira chikondwerero chathu cha achinyamata. Mulungu akudalitseni.