Paipi Ikaonongeka M'nyumba ya Lendi, Alipire Ndani?



Pakati pathu pano alipo ena amene ali ndi nyumba za lendi ku Ndirande kapena ku Chilomoni, koma ambiri ndife olipira lendi. Tonse taona nkhani ya madzi ikudanitsa anthu amene kale ankapatsana mchere.

Poyamba tidziŵe kuti udindo wa a Water Board umathera pa mita. Paipi ikaphulika madzi asanafike pa mita, kaŵauzeni iwo. Kuyambira pa mita kuloŵa m'nyumba si zaonso, ndipo madzi onse otayika kumeneko amaŵerengedwa pa bilu.

Tsono za m'nyumbazo tigaŵane chotere. Chimene chatha chifukwa chokalamba ndi cha mwini nyumba, monga paipi yadzimbiri, giza yofooka, kapena thanki ya chimbudzi yong'aluka yokha. Nyumba ndi yake, ife tikasamuka zinthuzo zidzatsala.

Koma chimene taononga ndi manja athu tilipire tokha. Sinki sitsekeka yokha, amayi. Timatsukiramo miphika, mkute ndi masamba a tiyi n'kupita m'paipi, mafuta akazizira n'kuundana momwemo. M'chimbudzi cha madzi ana amaponyamo nsanza, mateŵera, ngakhale zitsononkho za chimanga. Kuitanira mwini nyumba zimenezi ndi kumulakwira. Ndipo kawashala ka mpopi tingogula, chifukwa podikira mwezi wathunthu bilu idzaposa mtengo wake.

Chovuta kwambiri ndi kudontha kosaoneka, kwa pansi pa nthaka kapena m'khoma. Mukaona bilu yakwera popanda chifukwa, tsekani mipopi yonse, mukayang'ane mita. Ngati ikuyendabe, madzi akutayika penapake. Muuzeni mwini nyumba tsiku lomwelo, ndi kalata kapena uthenga wa pa foni, kuti pakhale umboni. Mukakhala chete miyezi 3 mpaka khoma kunyowa, iye adzati mwaonjezera vutolo ndinu, ndipo sadzakhala akunama.

Inunso eni nyumba, zija zoti "ndibwera maŵa" zichepe. Lendi mumaifuna pa 1 osaphonya, pomwe mnzanu akutunga madzi kwa aneba. Ngati ndalama palibe, loletsani wa lendi aitane pulambala, adzachotse pa lendi. Koma wa lendi asachotse yekha musanamvane, ndipo lisiti asunge.

Tsiku loloŵa m'nyumba, musanatsitse katundu, yendani pamodzi ndi mwini wake. Tsegulani mpopi uliwonse, gejemulani chimbudzi, lembani nambala imene mita ikuonetsa. Funsaninso ngati pali ngongole yakale ya madzi, pakuti odula madzi safunsa kuti anagwiritsa ndani. Zimene mwagwirizana zilembedwe pa mapepala aŵiri, aliyense asayine ndi kutenga lake.