Cikho m'Thumba la Benjamini: Mau onena za Kukhululuka ndi Kulapa

Funso limene mwandipatsa ndi lakuti, kodi Mkristu ayenera kukhululukira munthu amene sanalape? Ena mwa inu muti inde, ena muti iai. Ine ndifuna kuti tiyang'ane nkhani imodzi yokha, imene tonse taiphunzitsa kwa ana kawiri-kawiri, ndiyo ya Yosefe m'buku la Genesis, kuyambira mutu 37 kufikira mutu 50.

Popeza ndife aphunzitsi, tiyambe ndi masamu. Yosefe anali wa zaka 17 m'masiku aja abale ace anamgulitsa kwa Aismayeli ndi ndalama zasiliva 20. Anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30. Zinapita zaka 7 za dzinthu zambiri, ndipo anadziulula kwa abale ace zitatha zaka 2 za njala. Mukaphatikiza mupeza zaka 22, ndipo m'zaka zonsezo sanamve "pepani" ngakhale mmodzi.

Nanga anawakhululukira liti? Ine ndiyesa kuti anawakhululukira iwo asanafike ku Aigupto. Mwana wace woyamba, wobadwa njala isanayambe, anamucha Manase, dzina lonena za kuiwala mabvuto. Pamene abale anadza kudzagula tirigu, iye anali ndi mphamvu yakuwapha onse khumi popanda womfunsa. Koma anapita pambali nalira, nadzaza matumba ao, nabwezamo ndalama zao. Munthu wosunga mangawa sacita cotero.

Komatu sanadziulule, ndipo apa ndi pamene ana athu amazizwa. Pa ulendo woyamba uja abale anabvomerezana okha-okha kuti anacimwira mng'ono wao, osadziwa kuti nduna ija iri kumva, pakuti inali kulankhula nao mwa womasulira. Cisoni cinalipo ndithu. Koma cisoni cotere aliyense amakhala naco akakodwa mumsampha, ndipo Yosefe sanakhutire naco. Anamanga Simeoni, nawauza kuti abwere ndi Benjamini.

Tapenyani cimene anacita pa ulendo waciwiri. Anawabwezera ku tsiku lija la ku Dotana, kumene anamponya m'dzenje. Panalinso mwana wa Rakele, wokondedwa wa atate wace. Pa cakudya Yosefe anapatsa Benjamini gawo loposa la anzace kasanu, iwo ali kuona, monga anaonera maraya aja kale. M'mawa cikho casiliva cinapezeka m'thumba la mnyamatayo, ndipo enawo anauzidwa kuti ali omasuka kupita kwao. Njira inali yoyera: akanasiya Benjamini muukapolo, nakauza nkhalamba nkhani yoona, osasowa kunama. Pamenepo Yuda, yemwe uja anapereka nzeru yakugulitsa Yosefe, anaima napempha kuti iye akhale kapolo m'malo mwa mng'ono wace. Atamva izi Yosefe sanathenso kudziletsa. Munthu uyu anafika pa mphambano yomweyo, nalowera kwina. Kumeneko ndiko kulapa, ndipo ndiko kunalola kuti okhululukidwa kale aja akhalenso m'nyumba imodzi ndi iye.

Tsono tibwere ku sukulu zathu. Mwana waba nshawa za m'munda wa sukulu zimene anamsungitsa. Cizolowezi cathu cinali kumuimika pamaso pa anzace, cikoti ciri m'dzanja, ndi kumuuza kuti apepese. Iye apepesa msanga, pakuti ndani angakane? Ife tiyesa kuti nkhani yatha, koma makolo anati pepani sapoletsa cironda. Tamphunzitsa mwanayo kuti kulapa ndi mau oombolera thupi ku cikoti. Coipa cina ndi cakuti tikatha kumlanga sitimsungitsanso kanthu kufikira atacoka pa sukulu, ndipo mphunzitsi watsopano akafika timnong'oneza kuti acenjere ndi uje. Pakamwa tati takhululuka, koma mumtima tiri kunena kuti mlandu suola.

Ine nditi mkwiyo muucotse usiku womwewo, pamaso pa Mulungu, mwanayo asananene kanthu. Mbali imeneyi ndi yanu, siidikira iye. Nshawa abweze, kapena alime mizere yolingana nazo, cifukwa kukhululuka sikufafaniza ngongole ya kwa anzace amene analima naye. Ndipo ikapita miyezi, mumpatsenso mfungulo ya nkhokwe ija. Ndidziwa kuti ena muti ndi kuika fisi pa khola la mbuzi, ndipo nthawi zina nshawa zidzasowadi. Muyambe ndi zazing'ono, muwerenge matumba iye ali kuona. Koma mwana amene sanaimenso pa khomo la nkhokwe ali yekha, inu ndi iye yemwe simungadziwe ngati watembenuka. Comweco ndi mnzathu mphunzitsi amene anagwa, naimitsidwa pa Mgonero, nabwezedwa ndi akulu a mpingo: ngati sitimpatsanso nchito iri yonse yaulemu, tiri kumsunga m'ndende pamodzi ndi Simeoni.

Kanthu kena kali m'mutu 50. Yakobo anakhala ku Aigupto zaka 17, ndipo atamwalira abale aja anaopanso, natumiza mthenga kukapempha cikhululukiro. Zaka zonsezo anadya ca Yosefe m'dziko la Goseni, koma mumtima anayesa kuti iye ali kungodikira maliro a atate. Yosefe atamva analira. Sanawadzudzule cifukwa ca kukayika kwao; anawatonthoza, nalonjeza kudyetsa iwo ndi ana ao. Mwana amene munamkhululukira caka catha kapena akali kuyang'ana nkhope yanu m'mawa uli wonse, kuti aone ngati mwakumbukira nshawa zija.