Khungu Limene Liyankha pa Tsiku Lacitatu

Munthu akakhudza citedze, kuyabwa kumayamba pomwepo. Akalumidwa ndi njuci, pamatupa asanafike ndi kunyumba komwe. Pa zotere palibe wofunsa kuti cacititsa n'ciani. Koma kulinso kutupa ndi kuyabwa kwa mtundu wina kumene sikuoneka tsiku lomwelo ai. Kumayamba litapita tsiku lathunthu, ndipo kumakula pa tsiku laciwiri kapena lacitatu. Kucedwa kumeneku kwasokeretsa anthu ambiri a m'migodi ndi a m'matauni. Ena ataya ndalama pa mankhwala osayenera, ndipo ena adziyesa amoyo pamene matenda ali m'kati.

Ciyambi ca nkhaniyi ciri m'magazi. M'menemo muli tamoyo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene adotolo amati maselo oyera, ndipo anthu ambiri amangoti asilikali a thupi. Gulu lina la asilikaliwa, lochedwa maselo a T, liri ndi mphatso ya kukumbukira. Mdani akalowa koyamba, iwo amamuphunzira kwa masabata angapo, munthu osamva kanthu. Akabweranso mdani yemweyo, amene amamdziwa amakhala owerengeka ndi omwazikana m'thupi lonse. Ayenera kuyamba apeza pamene walowera, ndipo atafika atumize mithenga yoitana anzao, makamaka maselo akuluakulu amene nchito yao ndi kumeza tizirombo. Kusonkhana kumeneku ndiko kumatha masiku awiri kapena atatu. Kuuma kumene cala cimamva pakhungu ndilo khamu la asilikaliwo.

Anthu sanazindikire izi tsiku limodzi. Mu 1882 Robert Koch wa ku Germany anapeza kacirombo ka cifuwa cacikulu, ndipo mu 1890 anapanga madzi ocokera ku tizirombo timeneti, ochedwa tuberculin. Iye anayesa kuti wapeza mankhwala ociritsa, koma sanaciritse. Patsogolo pace kunaoneka kuti madziwo ali ndi nchito yina: kuulula amene analowedwapo ndi kacirombo. Mu 1908 Charles Mantoux wa ku France anaonetsa njira yowalasira m'khungu, imene ikali kugwira nchito mpaka lero. Mu 1942, ku New York, Karl Landsteiner ndi Merrill Chase anatenga maselo oyera a mbira imene khungu lace linali kudana ndi mankhwala ena, nawaika mwa mbira yina; nayonso inayamba kutupa ikakhudza mankhwalawo. Madzi okha a magazi, opanda maselo, sanacite zimenezi. Pamenepo kunadziwika kuti mwini nchitoyi ndi maselo. Mu 1963 Philip Gell ndi Robin Coombs a ku England anagawa kukwiya kwa thupi m'mitundu inai, ndipo kocedwaku anakuika kukhala kwacinai.

Ku cipatala kupima kwa Mantoux kumayenda motere. Namwino amalasa kadontho ka tuberculin m'khungu la mkono, pakati pa cigongono ndi dzanja. Pamatuluka kotupa kakang'ono kamene kamaphwa posacedwa. Apa ndipo ambiri amalakwa: poona kuti m'mawa mwace palibe kanthu, amati ali bwino, osabwereranso. Koma yankho limawerengedwa patapita maola 48 kufikira 72. Wolasidwa Lolemba ayenera kuonekera Lacitatu kapena Lacinai. Akapitirira, kawirikawiri kumafunika kuyambanso. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cimene amayesa si kufiira ai, koma kukula kwa pamene pauma. Kwa anthu ambiri mamilimita 10 kapena kuposa asonyeza kuti thupi linakumanapo ndi kacirombo. Kwa amene ali ndi HIV mamilimita 5 akwanira. Kutupa sikutanthauza kuti munthu adwala tsopano. Cotsimikiza matenda ndico kupima makhololo ndi kujambula cifuwa. Katemera wa BCG, amene ana amalandira atangobadwa, nayenso nthawi zina amatupitsa pang'ono. Ndiponso kusatupa sikumasula munthu aliyense, pakuti HIV imapha maselo a T omwewo amene akadayankha. Motero wa mumgodi amene wapuma pfumbi la miyala zaka zambiri, ngati atsokomola masabata awiri, naonda, natuluka thukuta usiku, apite kukapimitsa makhololo ngakhale mkono wace usanatupe, cifukwa mapapo olasidwa ndi pfumbi amagwidwa msanga ndi cifuwa cacikulu.

Asilikali omwewa nthawi zina amalimbana ndi cinthu cimene si kacirombo konse. Mu simenti muli mcere wa citsulo cochedwa chromium. Mmisiri womanga nyumba akhoza kugwira simenti yonyowa zaka zambiri popanda vuto, kufikira tsiku lina thupi lace liuyesa mcerewo mdani. Kuyambira pamenepo manja amayabwa, amatuluka timatuza, nang'ambika. Popeza zidzolo zimabwera mocedwa, amene anaponda simenti Lacisanu amavutika pa Sondo ali kunyumba, nayamba kunamizira ndiwo zimene wadya, sopo wa mkazi wace, kapena mnansi amene anakangana naye. Zomwezo zimacitika ndi mankhwala a mumphira wa majombo ndi magolovesi, ndiponso citsulo ca nickel ca pa lamba, pa wochi ndi pa ndolo. Cizindikiro cace n'cakuti zidzolo zimayambira pomwe cinthuco cinakhudza: pa mapazi, pa dzanja, pa mcombo kapena pa khutu.

Nthendayi si mphere, ndipo sipatsirana. Palibe cifukwa copatulira mbale kapena mphasa. Adotolo a khungu amaipeza pomata tizigamba ta mankhwala osiyanasiyana pamsana kwa maola 48, naonanso patapita tsiku limodzi kapena awiri. Mafuta odzola a ku cipatala amaziziritsa kuyabwa, koma thupi likaphunzira mdani siliiwala msanga, ndipo ambiri amakhala nako moyo wao wonse. Kupewa ndiko kuposa. Dziko la Denmark linaika lamulo mu 1983 locepetsa mcere umenewu mu simenti, ndipo amisiri odwala manja anacepa. Wanchito payekha angathe kusamba simenti isanaume pakhungu, kuvula zobvala zonyowa, ndi kubvala masokosi ouma m'kati mwa majombo.

Wopita ku cipatala ndi zidzolo athandiza dotolo kwambiri akafotokoza zonse zimene anagwira pa masiku atatu apitawo, osati za tsiku lomwelo zokha. Ndipo wolasidwa pa mkono asunge tsiku limene namwino wamuuza, ngakhale kutanthauze kupempha cilolezo kwa kapitao.