Woyamwitsa nayenso afunika kudya

Kuno ku Lusaka mwezi wa October ndi wa dzuwa loswa mtengo. Koma kutali kummwera kwa South Africa, pachilumba chozizira cha Marion, ino ndi nyengo imene nyama za m'nyanja zotchedwa elephant seal zimabereka. Ena amangoti akatumbu a m'nyanja.

Katumbu wamkazi amatuluka m'madzi atanona kwambiri, nabereka mwana mmodzi pagombe. Kwa milungu pafupifupi 3 amayamwitsa osadya kanthu. Mkaka wonse umachokera m'mafuta amene anasunga m'thupi miyezi yambiri ali m'nyanja. Mwana amanenepa kuwirikiza katatu, pamene mayi amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi lake. Akatero amamusiya mwanayo n'kubwerera m'madzi kukadya. Si nkhanza ayi. Atakhalabe pagombepo, angafe.

Pa 1 Mafumu 19 tikupeza Eliya atatheratu. Anali atagonjetsa aneneri a Baala pa phiri la Karimeli, koma tsopano akuthawa Yezebeli, wagona patsinde pa mtengo m'chipululu, akupempha imfa. Taonani, Mulungu sanayambe ndi kumudzudzula. Mngelo anamudzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi, Eliya nagonanso. Anamudzutsa kachiwiri kuti adyenso. Chakudya chimenecho ndicho chinamuyendetsa masiku 40 mpaka ku Horebu.

Ndikulankhula ndi inu amayi a ku Chelstone amene mumakwera minibasi m'mamawa kukapereka phala kwa amuna anu ku UTH. Ndi inunso agogo a ku Kabwata amene mukulera adzukulu amasiye. Mukupereka kuchokera m'nkhokwe imene simunathiremo kanthu kwa miyezi. Mwasiya kudya bwino, tulo n'tochepa, ndipo pemphero likukukanikani, ndiye mwayamba kudziyesa ochimwa. Kumeneko ndi kutopa, mayi, si kubwerera m'mbuyo.

Ndipo inu a mumpingo, ife timafulumira kunena kuti "limbani mtima". Mngelo uja anabwera ndi mkate. Sabata ino pitani mukakhale ndi wodwalayo usiku umodzi, kuti womusamalira akasambe, adye nsima yotentha, agone mpaka kucha.

Tipemphere. Atate, kumbukirani onse amene agona pambali pa odwala usiku uno. Atumizireni munthu wonyamula chakudya. M'dzina la Yesu, Amen.