Alendo Aoneka pa Njira

Mau olalikidwa pa Sabata lotsiriza lisanafike tsiku la Krisimasi. Powerenga: Genesis 18:1-8 ndi Luka 10:38-42.

Abale okondedwa, atsala masiku owerengeka kuti tikumbukire kubadwa kwa Ambuye wathu, ndipo ndidziwa cimene ciri m'mitima ya ambiri a inu m'mawa uno. Matupi anu ali m'nyumba ya Mulungu, koma maganizo ali kwanu: pansi posazira, bwalo lomera udzu ndi mvula iyi, mphasa zong'ambika, ndi ana amene alinkudza kucokera ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Sindikudzudzulani ai. Inenso ndiri mmodzi wa inu.

M'Cingerezi muli liu lina loseketsa, ndilo scurryfunge. Munthu wina wa ku Maine, m'dziko la Amereka, dzina lace John Gould, analilemba m'buku lace la mau a kwao m'caka ca 1975, nalimasulira kuti ndiko kukonza m'nyumba mwa liwiro, kuyambira pamene waona mnansi alinkudza kufikira pamene agogoda pakhomo. Ife tiribe liu limodzi lotere, koma nchitoyo tiidziwa bwino. Mai aponya mbale zosatsuka m'dengu, mwana athamanga ndi tsace, nkhuku zipitikitsidwa pakhonde, ndipo pomveka "Odi!" onse akhala pansi ngati anthu amene sanatekeseke konse.

Ambiri amati liu limeneli ndi la Cingerezi cakale. Si cotero. Cingerezi cakale ceniceni ndico cinalankhulidwa ku England Anormani asanalande dzikolo m'caka ca 1066, ndipo Mngerezi wa lero sakhoza kuciwerenga wopanda kuphunzira. Mau ena a masiku amenewo anayenda ulendo wautali nafika m'kamwa mwathu. Tikati ana ali pa holide, tichula haligdaeg, ndiko kunena tsiku lopatulika. Dzina la Krisimasi lipezeka lolembedwa m'caka ca 1038. Ndipo mai akatuma mwana kukagula lofu ya buledi, achula hlaf, ndiwo mkate.

Pa liu ili la mkate ndifuna tikhalitse pang'ono. Mwini nyumba anamucha hlafweard, wosunga mkate. Pakupita kwa zaka liulo linafupika, likhala lord, limene Angerezi amasulira nalo dzina la Ambuye. Mkazi wa mwini nyumba anamucha hlaefdige, wokanda mkate, ndilo lady la lero. Ngakhale wanchito anali ndi dzina lace la mkate, hlafaeta, wakudya mkate wa mbuye wace. Lipezeka m'malamulo a Aethelberht mfumu ya ku Kent, yemweyo analandira Augustine ndi anzace pofika nao Uthenga Wabwino m'caka ca 597. Taonani, anthu aja sanayesa ukulu wa munthu ndi kuyera kwa khoma lace, koma ndi pakamwa pamene anadyetsa. Lero mkazi wochedwa lady ndiye amene sakhudza mtondo. Kale anali iye wa manja oyera ndi ufa. Ndipo mlendo wokondweretsa anamucha wilcuma, iye amene kudza kwace tikufuna. M'menemo munacokera welcome. Poyamba silinali liu la moni, linali dzina la munthu.

Tsono tiyeni ku mitengo ya ku Mamre. Abrahamu, nkhalamba ya zaka 99, ali khale pakhomo la hema dzuwa liri paliwombo, aona anthu atatu. Sanatumiza mthenga, sanalemba kalata. Nkhani yonseyo ndi ya liwiro lokhalokha: nkhalamba ithamangira alendo, ifulumira kwa Sara, ithamangiranso ku ng'ombe, ndipo mnyamata afulumira kukonza nyama. Amene ayesa kuti kufulumirira mlendo ndi chimo awerengenso mau awa. Koma penyetsetsani cimene anafulumirira. Sitiwerenga kuti Sara anabisa miphika, kapena kuti Abrahamu anaimika alendo padzuwa kufikira hema atasesedwa. Anafulumirira madzi osambitsa mapazi, mthunzi, miyeso itatu ya ufa wosalala, ndiwo ufa wodzaza ndowa ndi kusefukira, mwana wa ng'ombe wonona, cambiko ndi mkaka. Sara anali wokanda mkate, Abrahamu wosunga mkate, monga mwa mau aja a Angerezi akale. Ndipo amuna inu, onani kuti mwini mudzi anathamanga yekha, naimirira pambali pao pansi pa mtengo alikudya. Sanakhala pa mpando ndi kupfuula kuti madzi acedwa.

Liwiro la Marita ku Betaniya linali la mtundu wina. Nchito yace inali yabwino, ndipo popanda iye sakadadya munthu tsiku lija. Koma inafika nthawi imene nchito inamkulira Mlendo, kotero kuti anadza kudzanenera mbale wace pamaso pa Mlendoyo, namfunsa ngati sasamala. Ambuye sanadzudzula kuphika kwace. Anachula nkhawa yace.

Ndinena ici ndi manyazi, pakuti ndinacita comweco. Caka cina, masiku ngati ano, mlamu wanga amene anakhala kunja zaka zinai anatulukira pa njira tsiku limodzi lisanafike limene tinapangana. Ndinamuona ali kutsidya kwa dambo, atasenza katundu. M'nyumba munali matope a mvula ya usiku, ndi mai a kunyumba anali kumunda kukapalira. Ndinagwa m'liwiro lija. Mphika wa nsima ya dzulo ndinaukankhira kunsi kwa kama, zobvala ndinazipanikiza m'thumba, ndipo mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, pocedwa ndi tsace cifukwa anali kusuzumira pa zenera kuti aone atsibweni ace, ndinamkalipira ndi mau amene sayenera kutuluka m'kamwa mwa mphunzitsi. Mlendo analowa, tinalonjerana, m'nyumba muli mbee. Tisanathe malonje, garu analowa nakoka mphika uja kufikira pakati pa cipinda, alikunyambita mkute. Mlamu wanga anaseka mpaka misozi, ndipo za mphika zinathera pomwepo. Koma atatha kuseka anachera khutu, nati, "Alamu, alikulira kuseri kuja ndani?" Mwana uja anawerenga masiku mwezi wathunthu, ndipo tsiku limenelo sanadza kudzapereka moni. Anatuluka madzulo, atamnyengerera atsibweni ace, osati ine.

Makolo anati mlendo ndi mame. Ana anu alinkudzawa adzakhala masiku atatu kapena anai, nadzabwerera. Ena a iwo agona m'nyumba za simenti ndi magetsi, ndipo ndidziwa amai ena pano alikuopa kuti mpongozi wa m'tauni adzanyoza pansi pa dothi. Zirani pansi, amai, pakuti kuzira n'kwabwino. Sesani bwalo, capani zopfunda. Koma yambani mawa, nthawi ikalipo, ndipo abambo ndi anyamata agwire khasu ndi cikwakwa, asasiyire onse amai ndi atsikana. Musakongole ndalama ya katapira cifukwa ca makatani amene mlendo sadzawakumbuka. Ndipo cikatsala cina cosakonzeka pamene odi wamveka, cisiyeni pomwe ciri, mutuluke kukalandira katundu.

Nyumba inonso ifuna manja. Akulu a mpingo apangana kuti Lacinai m'mawa tidzasonkhane kuno: amuna adze ndi makasu kulambula njira yocokera kumseu, anyamata akwere kucotsa ulusi wa akangaude ku mitanda, amai adze ndi matsace ndi ndowa. Mkeka waukulu wa kumbuyo uja usacotsedwe, pakuti pamenepo padzakhala alendo ofika mocedwa. Tiyeni tipemphere.