Mtsikana akhalenso pa kompyuta, asamangowerenga



Wailesi ya Dzimwe ku Monkey Bay, yomwe inayamba mu 1998, anaiyambitsa ndi amayi atolankhani a bungwe la MAMWA. Mu Lilongwe momwe muno, a Timveni akhala akuphunzitsa ana kukonza mapulogalamu. Ndiye pasapezeke wina wonena kuti ntchitoyi ndi ya amuna ayi.

Chimene chimandiwawa n'ichi. Pa maphunziro otere, mtsikana amangopatsidwa pepala kuti awerenge, ati ali ndi mawu okoma, mnyamata ndiye n'kukhala pa kompyuta. Komatu mphamvu ili pomwepo! Wodula mawu ndi amene amasankha zoti anthu amve. Mtsikana wa ku Nsaru akafotokoza kwa mphindi 10 momwe anamusiyitsira sukulu n'kumukwatitsa asanakwane zaka 18, pawailesi zimamveka ziwiri zokha. Ziwirizo azisankha ndani?

Ana athuwa aphunzire kujambula mawu pafoni kutali ndi mphepo ndi phokoso la chigayo, kudula, kusakaniza ndi nyimbo, komanso kubisa dzina ndi mudzi wa mwana amene walankhula, kuti asakamulonde.

Makolo, tsiku la maphunziro likafika mumulole apite. Madzi akatunge achimwene ake.